Kupeka Nyimbo za Filimu Yaifupi ya Chikondi: Phunziro la Kuitana ndi Kuvomera

MAU OYAMBA

Masiku ano si chachilendo kupeza ophunzira uphunzitsi atasonkhana kuseri kwa holo, wina atagwira lamya ya m'manja, anzake akuchita seŵero limene alemba okha. Ntchito imeneyi ndi yotamandika, pakuti imaphunzitsa kulemba, kulankhula momveka ndiponso kugwirizana. Koma pali cholakwa chimodzi chimene timachiona kaŵirikaŵiri. Akatha kujambula, amasankha nyimbo ya woimba wina wotchuka, kapena kulira kwa piyano kotengedwa pa intaneti, naiika pansi pa zithunzi kuyambira poyamba kufikira pamapeto. Chotsatira chake n'chakuti mau a oseŵera samveka, nyimbo imanena zina pamene nkhani ikunena zina, ndipo gulu lonse limamaliza ntchito lisanapeke ngakhale mzere umodzi. Akuluakulu anati nsalu yobwereka sithetsa usiŵa.

Cholinga cha phunziro lino ndi kusonyeza kuti ife tomwe tingathe kupeka nyimbo za filimu yaifupi ya chikondi, pogwiritsa ntchito luso limene tinakulira nalo, ndilo la kuitana ndi kuvomera. Mphunzitsi amene wayesa ntchitoyi ndi manja ake adzatha kuitsitsa kuti ifike pa msinkhu wa ana a ku pulaimale m'phunziro la Expressive Arts. Koma amene sanapekepo kanthu adzangoimbitsa ana nyimbo zomwezomwezo chaka ndi chaka.

KUMENE NTCHITOYI INACHOKERA

Mafilimu oyamba, amene anayamba kuonetsedwa kwa anthu olipira mu mzinda wa Paris m'chaka cha 1895, analibe mau. M'zaka zotsatira, eni nyumba za kanema ankalemba munthu woimba piyano kuti azikhala pansi pa nsalu yoonetsera zithunzi, naimba zimene akuona kuti zikuyenera. M'chaka cha 1908, Camille Saint-Saëns wa ku France anapeka nyimbo zapadera za filimu yaifupi yotchedwa L'Assassinat du duc de Guise, ndipo iye amaŵerengedwa kukhala mmodzi wa opeka nyimbo otchuka oyamba kuchita zimenezi. Mafilimu atayamba kulankhula, Max Steiner anasonyeza mu King Kong, m'chaka cha 1933, kuti nyimbo ingathe kuyenda pamodzi ndi zochitika, kukwera ndi kutsika monga momwe nkhani ikuchitira. Pa mafilimu a chikondi, chitsanzo chodziŵika ndi Love Story ya 1970, imene Francis Lai anaipekera chuni chimodzi chomabwerezedwa m'maimbidwe osiyanasiyana, nalandira nacho mphotho ya Oscar.

Kuno kwathu ntchito ya mafilimu yakula m'zaka za posachedwa. Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life m'chaka cha 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, imene ikusimba za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inajambulidwa m'Malaŵi mommuno, ndipo nyimbo zake anapeka Antonio Pinto wa ku Brazil. Sitikunena izi modandaula. Tikungofuna kuti tizindikire kuti nkhani zathu zayamba kufika kutali, tsono pakufunika Amalaŵi odziŵa kuziveka nyimbo. Anthu otere adzachokera m'makalasi amene ife tikukonzekera kukaphunzitsamo.

CHUMA CHIMENE TILI NACHO PAFUPI

Amene tikuphunzira kapena kuphunzitsa m'boma la Chiradzulu sitiyenera kupita kutali kukafuna chitsanzo. Giddes Chalamanda anabadwira m'boma lomwelino m'chaka cha 1930. Ndi gitala imodzi ndi liu lake anasangalatsa anthu kwa zaka makumimakumi. Mu 2016 anakaimba ku Library of Congress mu mzinda wa Washington, ndipo nyimbo yake ya Linny Hoo, imene anaijambulanso pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok kufikira anthu a m'maiko amene sadziŵa chinenero chathu n'komwe. Tikamvetsera bwino nyimbo za mkuluyu tipeza kuti chuni chake n'chachifupi, chosavuta kugwira, ndipo chimabwerezabwereza. Ichi ndicho chofunika pa nyimbo ya filimu. Woonera sadzaimva kaŵiri ayi, choncho iyenera kumuloŵa pa ulendo woyamba.

Zoimbira nazo tili nazo. Pali gitala ndi banjo zopanga tokha, bangwe, kaligo wa chingwe chimodzi, mangolongondo, kalimba, maseche ndi ng'oma zamitundumitundu, kuphatikizapo za tchopa, gule wa Alomwe amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi m'chaka cha 2014. Palinso mkangala, uta wa bango umene akazi amaimba atauika pakamwa, makamaka akakhala okha ndi maganizo ao. Liu lake ndi lapansi kwambiri, ndipo palibe choimbira china chimene chinganene za kusungulumwa kuposa chimenechi.

Koposa zonse tili ndi kapangidwe ka nyimbo zathu. Pa mtondo, pa ukwati, m'munda ndi m'tchalitchi, wina amayambitsa ndipo ena amavomera. Khutu la Mmalaŵi likamva kuitana limadikira kuvomera, ndipo kuvomerako kukapanda kubwera, mtima sukhazikika. Nkhani ya chikondi nayo imayenda chimodzimodzi: wina amaitana, wina amayankha, kapena amachedwa kuyankha. Pamenepa ndi pamene pagona njira yathu.

NKHANI YA CHITSANZO

Tiyerekeze kuti gulu lathu lajambula filimu ya mphindi 8. Mtsikana wina amagulitsa tomato pa msika wa Mbulumbuzi. Mnyamata wa kabaza amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, mpaka aŵiriŵa adziŵana nagwirizana. Ndalama za kabaza zitalephera kukwanira zomangira banja, mnyamata aganiza zopita ku Johannesburg, monga achitira anyamata ambiri a kwathu. Atsanzikana pa siteji ya basi pa Njuli. Poyamba lamya imalira tsiku lililonse, kenaka pa sabata kamodzi, kenaka zii. Mtsikana adikira. Pamapeto, tsiku lina madzulo, belu la njinga lilira kumbuyo kwa benchi la tomato.

Nkhaniyi ndi yosavuta, koma ili ndi zonse zimene tikufuna: kukumana, chimwemwe, kulekana, kudikira ndi kubwerera.

NJIRA YOYAMBA: KUONERA NDI KUSANKHA MALO

Tisanakhudze choimbira chilichonse, tiyambe taonera filimu yonse katatu popanda nyimbo. Ulendo woyamba tingoonera. Ulendo wachiŵiri aliyense alembe malo amene mtima wake wasuntha. Ulendo wachitatu tiziimitsa filimu pa malo amenewo ndi kulemba mphindi ndi sekondi imene nyimbo iyambire ndi imene ilekere. Pa malo aliwonse tidzifunse kuti: kodi pali chimene oseŵera akumva mu mtima koma sakuchinena pakamwa? Ngati chilipo, nyimbo ili ndi ntchito. Ngati mau ndi nkhope zao zanena kale zonse, nyimbo ikhale chete.

Pa filimu yathuyi ndandanda ingakhale yotere:

1. Kuyambira 0:00 mpaka 0:32. Phiri la Chiradzulu m'maŵa, anthu akupita ku msika. Masekondi 32.
2. Kuyambira 1:40 mpaka 1:56. Aŵiriŵa ayang'anana koyamba. Masekondi 16.
3. Kuyambira 3:10 mpaka 3:58. Mnyamata amukweza mtsikana pa njinga. Masekondi 48.
4. Kuyambira 4:30 mpaka 5:00. Kutsanzikana pa Njuli. Palibe nyimbo.
5. Kuyambira 5:20 mpaka 6:08. Mtsikana adikira. Masekondi 48.
6. Kuyambira 7:20 mpaka 8:00. Mnyamata abwerera. Masekondi 40.

Tikaphatikiza tipeza masekondi 184, ndiye kuti mphindi 3 ndi masekondi 4 pa mphindi 8. Nyimbo sinafike ngakhale theka la filimu, ndipo n'zokwanira. Ndiwo zikachuluka mchere sizidyeka.

NJIRA YACHIŴIRI: KUPEKA CHUNI CHIMODZI

Ophunzira ambiri akaona malo asanu amaganiza kuti afunika nyimbo zisanu. Si choncho ayi. Tifunika chuni chimodzi chokha, chokhala ndi mizere iŵiri: woitana ndi wovomera. Mzere woitana uthere m'mwamba, ngati funso, pa noti imene siipatsa khutu mpumulo. Mzere wovomera uthere pa "d", ndiko kwao kwa chuni. Polemba tigwiritse ntchito solofa, amene ambiri a ife tinaphunzira m'kwaya za kutchalitchi. Nachi chitsanzo, mzere uliwonse uli ndi kugunda 8:

Woitana: d m s m l s r –
Wovomera: d m s m r m d –

Tiyese kuimba mzere woyamba okha ndi kulekera pomwepo. Tidzaona kuti wina m'gulu adzafuna kuumaliza. Njala imeneyo ndiyo tidzagwiritse ntchito. Tikaimba woitana, wovomera, woitana, wovomera, chuni chathunthu chikhala ndi kugunda 32.

Tsono tigaŵe mizereyi kwa anthu athu aŵiri. Kalimba akhale liu la mtsikana, aziimba mzere woitana. Gitala ikhale liu la mnyamata, iziimba mzere wovomera. Chifukwa kalimba aliyense ali ndi kachunidwe kake, tiyambe tamvetsera manoti amene kalimba wathu ali nao, ndipo gitala ichunidwe motsata iye. Ngati noti ina palibe, tisinthe chuni, osakakamiza choimbira.

Pa malo oyamba chuni chonse chimveke kamodzi, modekha, kuti woonera achidziŵe. Pa malo achiŵiri kalimba aitane kamodzi, gitala ivomere kamodzi. Pa malo achitatu zonse ziŵiri ziimbe mothamanga, maseche ndi kang'oma zikuthandiza. Pa malo achisanu kalimba aitane yekha, ndipo pamene gitala inayenera kuvomera pakhale chete. Aitanenso, chete. Aitanenso kachitatu, chete. Ngati m'mudzi woyandikana ndi koleji muli mai wodziŵa mkangala, timupemphe mwaulemu kuti adzaimbe pansi pa chigawo chimenechi m'maimbidwe akeake, pakuti mkangala uli ndi manoti ochepa ndipo sungathe kutsata chuni chathu chonse. Pa malo achisanu ndi chimodzi, belu la njinga likangolira, kalimba aitane, ndipo tsopano gitala ivomere. Woonera amene wakhala akudikira kuvomerako adzamva mtima wake ukutsika, ngakhale oseŵera asanatsegule pakamwa.

NJIRA YACHITATU: MASAMU A LIŴIRO

Nyimbo ya filimu iyenera kuyamba ndi kutha pa sekondi yake. Apa m'pamene phunziro la nyimbo likumana ndi la masamu. Liŵiro la nyimbo timaliyeza poŵerenga kugunda kwa pa mphindi imodzi. Lamulo lake ndi ili: chiŵerengero cha kugunda tichichulukitse ndi 60, kenaka tigaŵe ndi masekondi amene tili nao. Yankho lake ndilo liŵiro.

Pa malo oyamba tili ndi kugunda 32 m'masekondi 32, choncho liŵiro ndi 60, kugunda kumodzi pa sekondi. Pa malo achiŵiri, kugunda 16 m'masekondi 16, liŵiro ndi lomwelo. Pa malo achitatu tikufuna chimwemwe. Tikaimba chuni katatu tikhala ndi kugunda 96, ndipo 96 kuchulukitsa ndi 60, kugaŵa ndi 48, itipatsa 120. Pa malo achisanu, pa liŵiro la 60, kuitana kutenga masekondi 8 ndipo chete atenganso 8. Tikachita katatu tikwanitsa masekondi 48. Pa malo otsiriza, chuni kaŵiri ndi kugunda 64, ndipo 64 kuchulukitsa ndi 60, kugaŵa ndi 40, itipatsa 96.

Kuti oimba asathamange kapena kutsalira, mmodzi wa ife aime patsogolo pao akuyang'ana wotchi ndi kutsitsa dzanja pa kugunda kulikonse popanda kupanga phokoso. Ambiri a malamya a masiku ano angathenso kulandira kapulogalamu koŵerengera kugunda, kamene woimba angamamvere m'makutu.

MAU A NYIMBO NDI CHETE

Funso limene limabwera nthaŵi zonse ndi lakuti: kodi tiikemo mau? Yankho lathu n'lakuti pamene oseŵera akulankhula, nyimbo isakhale ndi mau, pakuti khutu silingatsate anthu aŵiri olankhula nthaŵi imodzi. Mau angabwere poyambirira kapena pamapeto, maina akamadutsa. Ndipo tikaŵalemba, tikumbukire kuti Chicheŵa ndi chinenero cha kukweza ndi kutsitsa liu. Mau akuti "mtengo" angatanthauze chomera kapena ndalama zogulira chinthu, malinga ndi katchulidwe. Choncho tiyambe talankhula mzerewo mokweza kangapo, timve pamene liu likukwera ndi pamene likutsika, ndipo chuni chitsate njira yomweyo. Chuni chikamenyana ndi katchulidwe, nyimbo imamveka ngati yoimbidwa ndi mlendo.

Za chete, tione malo achinai. Pa kutsanzikana ambiri amafuna kuika nyimbo ya chisoni yolira kwambiri. Ife tikuti ayi. Kulira kwa injini ya minibasi, kuitanira kwa kondakitala ndi kutsekeka kwa chitseko zikwanira. Anthu akamasiyana zoona dziko silileka phokoso lake, ndipo chimenecho ndicho chimaŵaŵa. Chete wa pa Njuli ndiye amene adzapatse mphamvu kuitana kwa kalimba kumene kukutsatira.

KUJAMBULA MAU

Sitifunika situdiyo. Tisankhe chipinda chaching'ono chokhala ndi zinthu zofeŵa, monga cha kuhositelo, tipachike mabulangete m'makoma ndi kuimika matiresi pa zenera kuti mau asabwerere. Kalasi yopanda kanthu, ya simenti ndi malata, imachititsa mau kumveka ngati a m'phanga. Tijambule nthaŵi imene pamalo pali bata, ndipo mvula ikamagwa pa malata tidikire. Lamya tiitseke kuti isalandire mauthenga, tiiike pa nsalu yopinda, osati m'manja. Kalimba ndi mkangala zikhale pafupi ndi lamya, gitala patali pang'ono, ng'oma kumbuyo kwenikweni. Chigawo chilichonse tichijambule katatu, tisankhe chabwino. Poyamba pa kujambula kulikonse wina atchule nambala ya chigawo ndi kuomba m'manja kamodzi, kuti polumikiza pa kompyuta tisasokonezeke. Pulogalamu ya Audacity ndi yaulere ndipo imakwanira pa ntchitoyi. Potsiriza tiitane munthu amene sanaonepo filimuyo. Ngati pali liu limodzi la oseŵera limene sanalimve, nyimbo yakwera kwambiri, tiitsitse.

UMWINI NDI ULEMU

Nyimbo ndi chuma cha amene anaipeka. M'dziko muno muli lamulo loteteza umwini wa zaluso, la chaka cha 2016, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limayang'anira za ufulu wa opeka ndi oimba. Kuika nyimbo ya mwini mu filimu yoti ionetsedwe kwa anthu popanda chilolezo ndi kulakwa, ndipo mphunzitsi sayenera kuphunzitsa ana kutenga cha mwini. Pamapeto pa filimu yathu tilembe maina a onse amene anapeka ndi kuimba. Mai wa mkangala timufotokozere bwino kumene filimuyo idzaonetsedwe, tipemphe chilolezo chake, ndipo tisamubweze chimanjamanja. Tipeŵenso kutenga nyimbo za kuchinamwali, za pamaliro kapena za kudambwe n'kuziika m'nkhani ya chibwenzi chifukwa choti zikukoma m'khutu. Nyimbo zimenezo zili ndi malo ake ndi eni ake.

KUPITA NALO M'KALASI

Filimu ya chikondi cha mnyamata ndi mtsikana ndi ntchito ya ife akuluakulu pano pa koleji. Ana a ku pulaimale tisaŵachititse maseŵero a chibwenzi. Njira ndi yomweyo, koma nkhani tiisinthe: agogo amene akudikira mdzukulu wao wopita ku sekondale yogonera komweko, kapena mwana amene mbuzi yake yasoŵa. Kumeneko nako kuli chikondi, kulekana ndi kubwerera. Kumene kulibe lamya, ana aŵiri achite seŵero lopanda mau kutsogolo kwa kalasi, kapena tijambule zithunzi zisanu pa mapepala akuluakulu ndi kuzionetsa chimodzichimodzi.

Kalasi ikakhala yaikulu tiigaŵe m'magulu anai: oitana, ovomera, a maseche ndi ng'oma, ndi osunga nthaŵi. Pa piriyodi yoyamba ana amve nkhani, asankhe malo a nyimbo ndi a chete, ndipo apeke mizere iŵiri mong'ung'udza. Mphunzitsi asaŵapatse chuni chake. Alandire zimene ana abweretsa, aimbe nao, ndipo kalasi isankhe. Pa piriyodi yachiŵiri ayese ndi zoimbira zimene apanga okha kuchokera ku zitini, mabotolo, mapesi ndi nthanga, kenaka aonetse. Poyesa ntchito yao tisafunse ngati nyimbo yakoma. Tifunse kuti: chifukwa chiyani mwaimba pang'onopang'ono pano? Chifukwa chiyani ovomera akhala chete apa? Mwana amene angayankhe mafunso ameneŵa waphunzira.

Tisaiŵale ana olumala. M'boma lino, ku Nguludi, kuli koleji ya Montfort imene imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo chimene anzathu a kumeneko amalimbikitsa chikutikhudza tonse: mwana aliyense akhale ndi gawo. Mwana wosaona angathe kutsogolera oitana, ndipo ndiye woŵeruza wabwino ngati nyimbo yokha ikufotokoza nkhani. Mwana wosamva angathe kusunga nthaŵi ndi dzanja akuyang'ana wotchi, kapena kuimba ng'oma imene amamva kunjenjemera kwake m'manja.

NTCHITO

1. M'magulu a anthu asanu, lembani nkhani ya zigawo zisanu yochitikira m'dera limene mukachitire zoyeserera kuphunzitsa. Sonyezani malo a nyimbo ndi malo amodzi a chete, ndipo perekani zifukwa.
2. Pekani mzere woitana ndi wovomera, uliwonse wa kugunda 8, muilembe m'solofa.
3. Chigawo china n'chotalika masekondi 24. Pezani liŵiro loyenera ngati mufuna kuimba chuni cha kugunda 32 kamodzi.
4. Funsani akuluakulu a m'mudzi woyandikana nanu zoimbira zimene ankaimba kale akasungulumwa. Lembani maina ake, kapangidwe kake, ndi ngati alipo amene akali kuziimba.
5. Konzani chikonzero cha phunziro la Sitandade 6 potsata njira imene tafotokozayi.

MAU OTSIRIZA

Chuni choyamba chimene tidzapeke mwina sichidzatikhutitsa, ndipo gitala idzachedwa kuloŵa kangapo tisanagwirizane. Zimenezo zisatibweze m'mbuyo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chofunika n'chakuti tsiku loonetsa filimu, pamene kalimba adzaitana kachitatu popanda womuyankha, tidzayang'ane nkhope za anzathu m'holo. Ngati adzakhala ali duu, akudikira gitala, tidzadziŵa kuti ntchito yatheka, ndipo tidzakhala ndi chinthu chathuchathu chokapatsa ana amene akutidikira m'sukulu.